Kachasu sanandithandize kulira mkazi wanga

Mkazi wanga anamwalira mu Juni 2021, nyengo ija kwathu ku Angónia, ku Mozambique, udzu umadzuka uli mbuu ndi chisanu. Anali ndi pakati pa mwana wachitatu. Matenda anayamba usiku, njinga yamoto tinaipeza mochedwa, ndipo pomwe tinkafika kuchipatala n'kuti atataya magazi ambiri. Khandalo linakhala masiku ochepa n'kutsatira mayi wake. Anamwino kusikelo anali atamuuza kuti mwezi womaliza akagone kunyumba ya chidikiro pafupi ndi chipatala, koma chimanga chinali kumunda, fodya ali m'chigafa, ndiye tonse awiri tinati ana oyamba aja anabadwa bwinobwino, uyunso abadwa. Mawu amenewo ndinakhala nawo pamtima nthawi yaitali osauza munthu.

Pamaliro amayi ankalira m'nyumba ya siwa, ife amuna tili panja kuzungulira moto. Aliyense wobwera kudzapepesa ankandigwira dzanja n'kunena zofanana: "Limbani mtima, ndinu mwamuna, ana akuyang'ana inu." Ndinalimbadi, msozi sunagwe. Tulo nato tinathawa. Usiku wina titaika maliro, mnzanga amene tinakulira limodzi anandipatsa kabotolo ka kachasu nati, "Achimwene, gwetsani pang'ono mugone." Anachita zimenezo chifukwa chondimvera chisoni, ndipo ndinagonadi mpaka dzuwa kutuluka. Mowa ndinkamwa kale, koma wamasese, pa ukwati kapena tikamaliza kukolola. Usiku umenewo ndi umene ndinaphunzira kumwa kuti ndisamve kanthu.

Ine ndinali mkamwini. Nyumba ndinamanga kwawo kwa mkazi wanga, chakufupi ndi phiri la Domwe, munda unali wa kuchikazi, ndipo ana pamwambo wathu ndi mbumba ya atsibweni awo. Itakwana nthawi yosudzula, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi. Ndisaname, palibe anandithamangitsa. Alamu anga aakulu ananena pamaso pa anthu kuti, "Alamu, pano ndi panu. Mukafuna kukhala khalani, mulere ana." Koma ine pakhomo paja sindinkatha kupaona. Mtondo wake unali pomwepo, zitenje zake pachingwe, apongozi akadutsa ndinkangoganiza kuti mumtima akuti ndine ndinapha mwana wawo. Atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinati ndilibe. Za mbuzi, za munda, za mmene ndizionera ana anga, zonse ndinangoti mmene mwaoneramo.

Amene mukuyembekezera mwambo umenewu, pitani ndi nkhoswe wanu mutakambirana kale. Nenani poyera kuti ana muziwaona liti, sukulu alipira ndani, katundu uti ndi wa ana. Tsiku limenelo mutu sugwira, ndiye pakhale wina wolankhula m'malo mwanu. Komanso musafulumire kusamuka. Ine m'miyezi yochepa ndinataya mkazi, khanda, nyumba, munda ndi ana awiri amoyo, ndipo zina mwa izi ndinazitaya ndekha pothawa.

Ndalama za fodya zinatuluka nthawi yomweyo. Atadula ngongole ya feteleza ndinatsala ndi pafupifupi metikali 40,000, zimene ine ndi malemu tinagwirizana kuti tifoletsere nyumba malata. Ndinapita nazo ku Ulónguè ati kukagula katundu, n'kukhazikika m'mabaraka, timashopu togulitsa mowa. Munthu wa ndalama wofedwa sasowa anzake: aliyense amakupepesa, iwe n'kumugulira. Mvula yoyamba isanagwe ndalama zinali zitatha. Njinga yakapalasa ndinagulitsa theka la mtengo wake, kenako wailesi, kenako malata ochepa amene tinali titagula kale chaka chinacho.

Manyazi ndi amene anandikweza galimoto ya mbatata yopita ku Tete. Ndinauza abale kuti ndikukafuna ntchito ku migodi ya malasha ya ku Moatize, koma kumeneko amafuna mapepala ndi luso zimene ine ndilibe. Ndinathera pamsika wa Kwachena, kutsitsa matumba a mbatata, kabichi ndi tomato ochokera kwathu komwe ku Angónia ndi ku Tsangano. Kwa munthu wokulira kumapiri, Tete ndi ng'anjo: mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, usiku n'komwe sikuzizira. Tsiku labwino ndinkapeza metikali 300 kapena 400. Nsima ndinkadya kamodzi, zotsalazo zinkapita ku baraka ina ya ku Matundo, kutsidya kwa Zambezi, kumene tinkagona anthu angapo m'chipinda chimodzi. Mayi wa barakayo anali ndi kope, ndipo tsamba langa linkadzaza msanga kuposa a ena.

Pofika Khirisimasi, m'mawa manja ankanjenjemera moti kumanga chingwe cha thumba kunkandikanika mpaka nditamwa kaye. Tinkangoti n'kuchotsa matsire, n'kumaseka. Pano ndikudziwa kuti pamenepo zinali zitasintha. Munthu akayamba kufuna mowa m'mawa kuti manja akhazikike, kuti asiye kutuluka thukuta ndi kuchita nseru, thupi lake lazolowera mowa ndipo silingathenso kuyenda popanda iwo. Amenewo ndi matenda, ndipo kuchipatala amawadziwa.

Kumapeto kwa Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana. Mtsinje wa Revúbuè unasefukira, mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unagumuka mbali ina, nyumba za anthu a m'mphepete zinapita ndi madzi. Magalimoto a mbatata anachepa, ganyu anasowa, mayi wa baraka naye anati ngongole yakwana. Ndinakhala osamwa, osati mofuna. Tsiku loyamba ndinanjenjemera ndi kusanza. Lachiwiri ndinagwa pakati pa msika, n'kuuma, kuphupha, kudziluma lilime. Ine sindikumbukira kanthu, anandiuza ndi anzanga. Ena anati ndi khunyu, ena anati ndi mzimu wa mkazi wanga. Wina anathamanga kukagula kabotolo n'kundimwetsa nditatsitsimuka, ndipo ndinapezadi bwino, zimene zinangonditsimikizira kuti mankhwala anga ndi mowa.

Za mzimuzo zinandilowa. Ndinakongola metikali 1,500 n'kupita kwa sing'anga wina, ndi nkhuku pamwamba. Anandiuza zimene ndinapita nazo kale mumtima, kuti malemu wakwiya chifukwa sindinamusamale. Ndinatuluka ndi mphini pachifuwa ndi mtima wolemera kuposa mmene ndinalowera. Usiku womwewo ndinamwa mpaka kugona m'ngalande.

Pamsikapo panali madala ena olondera masitolo usiku, a ku Chitima m'boma la Cahora Bassa. Ankalankhula Chinyungwe, ine Chichewa, koma tinkamvana bwino. Tsiku ndinagwalo analipo, ndipo atandipeza ndekha anati, "Mphwanga, chakugwetsa iwe si mzimu. Ine chinandigwetsapo." Anandifotokozera kuti mlongo wawo anali mmodzi mwa anthu 75 amene anamwalira ku Chitima mu Januwale 2015 atamwa pombe, mowa wofulula pakhomo, pochokera kumaliro. Anthu masiku amenewo ankaloza zala, ati wina anathira ndulu ya ng'ona m'mgolo, mpaka akatswiri atapima anapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi madzi osefukira. Mayi wofulula uja nayenso anamwalira. "Ukanaganiza kuti zitatero ndikanaopa mowa," anatero madalawo. "Ayi ndithu. Pombe ndinasiya, n'kuyamba wa m'mabotolo, zaka zinayi. Ndinkati mlongo wanga ndinamuperekeza ndine kumaliroko." Anali munthu woyamba kundiuza nkhani yofanana ndi yanga osandiuza kuti ndilimbe mtima.

Anandiuza za kuchipatala, kuti kuli anthu oona za maganizo ndi za mowa. Ndinawayankha mwamwano kuti ine si wamisala. Sanakwiye. Ankangondiitana madzulo kuti timwe tiyi pamoto wawo, nthawi zina ndinkapita, nthawi zambiri ayi. Chaka chonse cha 2022 chinapita choncho. Ndinayesapo kusiya ndekha, kulumbira pamaso pa Mulungu, kukhala tsiku limodzi, kenako mantha a kugwa kuja n'kundibwezera ku baraka. Chaka chimenecho ndi chimene ndimadandaula nacho kwambiri, chifukwa thandizo linali mtunda woyenda pansi.

Chimene chinandithyola ndi alamu anga. Anabwera ndi galimoto ya mbatata kumayambiriro kwa 2023 n'kundipeza ndikutsitsa matumba awo omwe, nditavala nsapato zosiyana. Poyamba sanandizindikire. Sanandikalipire. Anandigulira nsima ya nsomba, n'kukhala nane pamthunzi kumandiyang'ana ndikulephera kunyamula kapu ya madzi ndi dzanja limodzi. Ndinafunsa za ana. Anati ali bwino, wamkazi ali mu kalasi yachisanu ndi chimodzi, wamwamuna wayamba sukulu. Kenako anati, "Alamu, poyamba mtsikana uja ankafunsa tsiku ndi tsiku kuti ababa abwera liti. Ndiye ndimati ndikuuzeni, pano sakufunsanso."

M'mawa mwake ndinapita kwa madala aja ndisanamwe, ndikunjenjemera thupi lonse. Anavala jekete n'kuimitsa txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu.

Amene anatilandira kuchipatala ndi técnico de psiquiatria. Ogwira ntchito amenewa boma limawaphunzitsa za matenda a maganizo, khunyu ndi mowa, ndipo amapezeka ngakhale m'zipatala za m'maboma, sikuti mpaka mupite ku Tete kapena ku Beira. Mukafika mungonena kuti mukufuna kuonana ndi a saúde mental, kutanthauza a za umoyo wa maganizo. Anandifunsa kuti ndimamwa wochuluka bwanji. Ndinatchula theka. Madala anakhosomola, ine n'kutchula zoona. Chonde nenani zoona, chifukwa mankhwala amawayeza potengera zimene mwanena. Anafunsanso ngati ndinagwapo, ndipo atamva za pamsika paja anati andigoneka.

Zimene anandifotokozera ndikufuna aliyense womwa tsiku ndi tsiku azimve. Munthu wotere akasiya mwadzidzidzi, kunjenjemera ndi thukuta zimayamba patangopita maola ochepa. M'masiku awiri oyamba akhoza kugwa ngati wakhunyu. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu, kuona zinthu zimene palibe, thupi kutentha, mtima kuthamanga, ndipo pamenepo munthu amatha kufa. Choncho kutsekera m'bale wanu m'nyumba kuti asiye mowa, kapena kumusiya kuphiri akusala kudya, n'kuika moyo wake pachiswe. Ine anandipatsa diazepam, kumachepetsa mlingo tsiku ndi tsiku, ndi vitamini B1 amene thupi la chidakwa limasowa ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo. Usiku wachiwiri ndinkaona nyerere zikutsika pakhoma kubwera pabedi. Namwino anayatsa getsi n'kukhala pafupi mpaka zitapita. Sabata isanathe ndinatuluka, manja ali phee. Ndalama zimene ndinalipira kuchipatala sizinafike mtengo wa mowa wa tsiku limodzi. Zimene zinandipweteka m'thumba ndi ganyu amene ndinaphonya, ndipo masiku amenewo chakudya ankabweretsa ndi mkazi wa madala aja.

Kuchotsa mowa m'thupi kunali kosavuta poyerekeza ndi zimene zinatsatira. Mowa utachoka, maliro aja anabwera onse ngati achitika dzulo. Paulendo wobwereza técnico uja anandifunsa mosazungulira: "Bambo, munayamba mwaganizapo zodzipha?" Palibe anali atandifunsapo zimenezo. Ndinavomera kuti usiku wambiri ndinkaganiza kuti bola kungomutsatira. Sanadzidzimuke, sanandilalikire. Anandifunsa amene ndingamuuze maganizowo akabwera usiku, ndinatchula madala, ndipo tinawaitana n'kugwirizana pomwepo. Ngati maganizo amenewa akukubwererani, uzani munthu lero lomwe, musagone nokha, ndipo mankhwala a kumunda ndi chilichonse choopsa apatseni ena akusungireni. Maganizowo amabwera mwamphamvu kenako amaphwa, chofunika n'chakuti akupezeni muli ndi anthu.

Tsiku lomwelo ndinamuuza za nyumba ya chidikiro ija. Ndinayamba bwinobwino, koma nditafika pa mawu oti uyunso abadwa, pakhosi panatseka, n'kulira mokweza ngati mwana, mamina ndi misozi, pamaso pa munthu wamng'ono kwa ine. Anandisiya ndilire. Nditatha anati kutaya magazi pobereka kumagwera ngakhale mayi amene anabereka bwino kale, ndipo chisankho chija tinachipanga awiri, tili ndi chimanga kumunda, osadziwa za mawa. Sananene kuti panalibe cholakwika. Anati ndikhoza kunong'oneza bondo popanda kudziweruza kuti ndine wakupha. Usiku umenewo ndinagona tulo popanda kanthu.

Nthawi yoopsa inali yamadzulo, ganyu akatha, ndalama zili m'thumba, dzuwa likulowa. Tinakonza zinthu zing'onozing'ono. Ndalama ndikalandira ndinkatumiza pa M-Pesa kwa mlongo wanga ku Ulónguè, kutsala ndi ya chakudya yokha. Ku Matundo ndinasamuka, chifukwa njira yopita kuchipinda inkadutsa pakhomo pa baraka. Ndinkadya dzuwa lisanalowe, popeza njala ndi chilakolako cha mowa zimayendera limodzi, kenako tiyi wa shuga wambiri kwa madala. Lachitatu ndi Loweruka ndinkapita kumphakati wa tchalitchi kumene kunali anthu akwathu, ndipo mayi wina wamasiye kumeneko ankanditchulira dzina la mkazi wanga mosaopa, zimene abale anga ankapewa poganiza kuti andikumbutsa. Anzanga akale ankandiseka, "Abusa afika!" Ena ankati kamodzi kokha sikapha. Ndinaphunzira kuyankha kuti ndili pamankhwala, chifukwa yankho limenelo satsutsana nalo.

Ndinagweranso m'mowa mu Juni, sabata imene mkazi wanga anamwalirira. Palibe anandikakamiza. Ndinadzuka ndi mtima wolemera, ndinalandira ndalama, sindinatumize, ndipo ndinamwa masiku angapo. Manyazi ake anaposa oyamba aja, moti ndinkazemba madala. Anandipeza okha kuseri kwa magalimoto nati, "Wagwa, sunafe. Mawa m'mawa tikupita." Técnico sanandinyoze. Anati zimachitikira ambiri, n'kundifunsa masiku ena amene ndikuwaopa. Tinawatchula: Juni, Khirisimasi, tsiku lolandira ndalama zambiri, ndi maliro a munthu aliyense. Kuyambira pamenepo masiku amenewo ndimakonzeratu kuti ndikhala ndi ndani.

Kumudzi ndinapita mu Seputembala 2023. Ndinkazengereza kuti ndipeze kaye ndalama zooneka, koma madala anati ana sakudikira malata. Ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu, ndi shuga, sopo, makope ndi chitenje cha apongozi, ulendo wa makilomita opitirira 200 mtima uli m'mwamba. Mnyamata wanga atandiona anabisala kuseri kwa nkhokwe. Mtsikana anabwera, anagwada patali, nati, "Mwafika, ababa," n'kulandira jumbo osandiyang'ana kumaso, kenako anapita kukatunga madzi amene m'nyumba anali kale. Ndinakhala pampando ndekha. Apongozi anatuluka n'kukhala pamphasa chammbali monga mwa ulemu wathu, ndipo analankhula moyang'ana kwa alamu: "Auzeni bambo a anawa kuti ine mwana wanga ndinamulira ndekha. Ndinkafuna tilire limodzi, iwo anathawa." Zaka ziwiri ndinkaganiza kuti amandiyesa wakupha, chonsecho chimene chinawapweteka n'kuchoka kwanga.

M'mawa mwake alamu anakapempha kwa amfumu kuti tilowe kumanda, popeza kwathu sumangolowako wekha. Mitumbira iwiri ija inali itatitimira, udzu uli thoo. Tinalambula. Chiliza tinamanga chaka chotsatira, nditakolola mbatata pamunda umene atsibweni anga anandibwereka kwathu. Pa mwambowo mowa unafululidwa monga mwa nthawi zonse, ndipo sindinaletse. Ndinangopempha alamu kuti asandisiye ndekha, ndipo apongozi anandiphikira thobwa langalanga m'ndowa yapadera. Chikho chikamazungulira, alamu ankachilandira n'kupatsira wotsatira, osanena kanthu.

Sikuti zonse zinabwerera. Mnyamata anazolowera msanga, patchuthi amabwera kudzandithandiza kupopera mbatata. Mtsikana mpaka pano amandiyankha mwaulemu koma mwachidule, ndipo akafuna kanthu amauza atsibweni ake, iwo n'kundiuza ine. Ndinasiya kumukakamiza. Ndimangoonetsetsa kuti ndikati ndibwera Loweruka, Loweruka ndafika. Nyumba ija sinafoleredwe malata. Mmimba mumandivutabe, dzino limene linathyoka tsiku ndinagwa pamsika silinabwerere, ndipo kuchipatala cha ku Ulónguè ndimapitabe akandipatsa tsiku. Chilakolako chimabwera, makamaka kukazizira, koma pano ndimachidziwa chikamayamba ndipo ndimaimbira madala aja kapena kupita kwa mlongo wanga.

Mnzanga amene anandipatsa kabotolo koyamba uja timachezabe, ndipo tsiku lina ndinamupempha kuti pamaliro ena asadzachitenso zimenezo, wofedwa akasowa tulo angokhala naye. Ngongole ya m'kope la mayi wa ku Matundo inali itafika metikali 6,000. Ndikubweza pang'onopang'ono ndikagulitsa mbatata, ndipo ndalamazo ndimatumiza pafoni, sindipita nazo ndekha.